Chinkhoswe cha pa Mankhoma ndi mafunso awiri amene tidawasakaniza

Tsiku limene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adalamulidwa kukakhala kundende zaka 14, ine ndidali pa Mbulumbuzi kudikira minibasi ya ku Limbe. Lidali Lachinayi pa 20 Meyi 2010. Wayilesi ya m'golosale ina itangolengeza chigamulocho, anthu adaomba m'manja ngati timu yathu yagoletsa chigoli. Ndisaname, nanenso ndidaomba nawo, paja ndidali mnyamata wongotuluka kumene kusekondale. Koma mayi wina wogulitsa tomato sadaombe. Adangopukusa mutu nafunsa kuti, "Koma abale inu, anthuwa aba chiyani?" Palibe adamuyankha, ndipo minibasi itafika tidakwera.

Papita zaka zoposa 15 tsopano koma funso la mayi uja silidandichoke m'mutu. Sindidabwere kudzakopa munthu kuti asiye chikhulupiriro chake ayi. Ndikungofuna kuti tiyende limodzi m'mbiri ya nkhaniyi, chifukwa ndaona kuti ife aMalawi tikamakangana timasakaniza mafunso awiri osiyana. Loyamba n'lakuti: kodi boma livomereze ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha? Lachiwiri n'lakuti: kodi anthu awiri aakuluakulu, amene agwirizana okha m'nyumba mwawo, aziponyedwa m'ndende? Milandu yonse yotchuka imene yafika m'makhoti athu idali ya funso lachiwiri. Koma mumsewu, m'tchalitchi, kumzikiti ndi pabawo takhala tikuyankha loyamba.

Mphamvu ya ankhoswe

Tiyambe ndi kwathu kuno ku Chiradzulu. Pakati pa Alomwe, Ayao ndi Amang'anja, ukwati suyamba ndi chikalata cha kwa DC kapena mphete ya kutchalitchi. Umayamba ndi ankhoswe. Mnyamata akapeza mbeta amauza amalume ake, amalumewo amakaonekera kwa amalume a mtsikana, ndipo mbali ziwirizi zikagwirizana amakonza chinkhoswe. Pamenepo amasinthana tambala ndi thadzi, amadyera pamodzi nyama ya nkhuku, kenaka mwamuna amapita kukamanga nyumba kuchikamwini. Banja likadzagwedezeka ndi ankhoswe omwewo amene amadzutsidwa usiku. Ngakhale makhoti a boma, akafuna kudziwa ngati panalidi ukwati wa mwambo, amayamba afunsa kuti ankhoswe adali yani.

Ukwati wa chikalata ndi mlendo. Atsamunda adakhazikitsa lamulo lawo la ukwati m'chaka cha 1902, ndipo mu 1923 adawonjezera lina lolembetsera maukwati a anthu akuda omangitsidwa m'tchalitchi. Koma mpaka lero anthu ambiri kumudzi kuno ali pabanja popanda pepala lililonse, ndipo palibe amene amawakayikira. Chimene chimapatsa banja ulemu ndi maso a abale ndi mudzi.

Mukamvetsa zimenezi mumvetsanso chifukwa chake zimene zidachitika Loweruka pa 26 Disembala 2009 zidagwedeza dziko. Tsikulo, pa Mankhoma Lodge mumzinda wa Blantyre, Monjeza wa ku Chileka ndi Chimbalanga wa ku Thyolo adachita chinkhoswe pamaso pa khwimbi la anthu. Sadapite kwa DC kukapempha chikalata, sadapitenso kukhoti kukapempha ufulu. Adachita zimene aliyense kuno amachita akafuna kuti banja lake lidziwike: adaitana anthu. Nyuzipepala ya The Nation idaika nkhaniyi patsamba loyamba, ndipo patangopita masiku awiri apolisi adawamanga.

Pali chinthu china chimene ambiri tidachilumpha nthawi imeneyo. Manyuzipepala a kuno ndi akunja ankalemba kuti amuna awiri atomerana, koma Chimbalanga, amene anzake ankamutchula kuti Aunt Tiwo, ankanena poyera kuti iye ndi mkazi. Ankavala zachizimayi, ankagwira ntchito zimene timati n'zachizimayi, ndipo ngakhale kukhoti ankabwera atavala motero. Chichewa chathu chilibe vuto pamenepa poti mawu akuti "iye" amakwanira mwamuna ndi mkazi yemwe. Koma lamulo lidalibe malo a munthu wotere, ndipo lidamuwerenga ngati mwamuna basi.

Mlandu wa ku Blantyre

Chodabwitsa n'chakuti m'buku la malamulo a milandu, lija amati Penal Code, mulibe gawo loletsa chinkhoswe. Awiriwa adazengedwa pa gawo 153, lokamba za kugonana "kosemphana ndi chilengedwe", lomwe chilango chake chimafika zaka 14, ndi gawo 156, lokamba za zonyansa pakati pa amuna, lomwe chilango chake chimafika zaka zisanu. Chinkhoswe chija chidangokhala umboni wakuti ngati akukhalira limodzi monga banja ndiye kuti zinazo zimachitika.

Khoti lidakana kuwapatsa belo ndipo adakhala miyezi isanu kundende ya Chichiri. Tsiku lililonse la mlandu anthu ankadzaza bwalo la majisitireti ku Blantyre, ena kukwera pamipanda, kukuwiza ndi kuseka galimoto ya apolisi ikamafika. Pa 18 Meyi 2010 majisitireti wamkulu Nyakwawa Usiwa-Usiwa adawapeza olakwa, ndipo patapita masiku awiri adawapatsa chilango chachikulu kwambiri chimene lamulo limalola, zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga. Iye adafotokoza kuti akufuna chilango choopsa kuti ena asayerekeze kutengera chitsanzocho. Monjeza adamutumiza kundende ya Zomba, mnzakeyo adatsala ku Chichiri.

Sadakhalitsemo. Pa 29 Meyi 2010 mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, Ban Ki-moon, adakumana ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika ku Lilongwe, ndipo tsiku lomwelo Bingu adalengeza kuti wawakhululukira. Adanenetsa kuti awiriwo adalakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo a dziko lino, koma akuwatulutsa chifukwa cha umunthu chabe. Pasanapite nthawi yaitali awiriwo adasiyana. Chimbalanga adaona kuti kuno sangakhalenso mwamtendere ndipo adapita kukakhala ku Cape Town monga wothawa kwawo. Mtolankhani wa ku South Africa, Mark Gevisser, adalemba za moyo wake wa kumeneko m'buku lotchedwa The Pink Line lomwe lidatuluka mu 2020.

Chikhululukiro chija chidasiya bala. Anthu ambiri adaona ngati mlendo wabwera ndi ndege, walankhula mawu awiri, ndipo chigamulo cha khoti lathu chafafanizidwa. Chaka chotsatira, mu Okutobala 2011, nduna yaikulu ya Britain David Cameron adaopseza kuti dziko lake lidzachepetsa thandizo kumaiko amene amazunza anthu otere. Kuyambira pamenepo zidakhazikika m'mitima ya anthu kuti nkhani yonseyi ndi ya azungu ndi ndalama zawo.

Lamuloli lidachokera kuti?

Apa m'pamene mbiri imatichititsa manyazi pang'ono. Ife a ku Chiradzulu timanyadira Mbusa John Chilembwe amene adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, nadzaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915 chifukwa cha thangata ndi kutengedwa kwa anthu akuda kupita kunkhondo ya azungu. Adaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Boma lomwe lija limene lidamupha ndi kugumula tchalitchi chake ndi limene lidalemba Penal Code mu 1929, ndipo bukuli lidayamba kugwira ntchito mu 1930. Silidalembedwe pabwalo la mfumu iliyonse ya kuno. Lidatengedwa kuchitsanzo chimene ofesi ya atsamunda ku London inkagawira maiko ake a mu Africa, ndipo chitsanzocho chidachokera ku malamulo amene Samuel Griffith adalembera dera la Queensland ku Australia mu 1899. N'chifukwa chake mukatsegula mabuku a malamulo a ku Zambia, Tanzania ndi Kenya mupezamo mawu ofanana ndi a gawo 153 lathu.

Eni ake lamuloli adalitaya kale. Ku England adasiya kumanga amuna aakuluakulu ogonana mogwirizana mu 1967, ife titangotha zaka zitatu tili paufulu wodzilamulira. Ife tidalisunga nthawi yonse ya Kamuzu, tidalisunganso titavotera matipate pa 14 Juni 1993. Malamulo oletsa amayi kuvala thalauzi ndi anyamata kusunga tsitsi lalitali tidawachotsa, koma gawo 153 lidatsala. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adabwera ndi gawo 20 loletsa tsankho ndi gawo 22 lopatsa amuna ndi akazi onse ufulu wokwatira, koma sadatchule kanthu za anthu ngati Monjeza ndi Chimbalanga.

Komatu tisathamange. Kunena kuti lamulo lidabwera ndi atsamunda sikutanthauza kuti makolo athu ankamangitsa maukwati a amuna okhaokha. Kwa makolo, ukwati udali wobereka ana ndi kukulitsa mbumba, ndipo ankhoswe ankaima pakati pa mwamuna ndi mkazi. Chimene atsamunda adabweretsa ndi wapolisi, khoti ndi ndende pa nkhani imene kale inkathera m'nyumba kapena pabwalo. Ndiponso sitingapitirize kuloza azungu chala mpaka kalekale, poti mu Disembala 2010, miyezi isanu ndi iwiri chikhululukiro chija chitaperekedwa, aphungu athu omwe adawonjezera gawo 137A lomanga akazi ogonana okhaokha zaka zisanu, ndipo Bingu adalisainira mu Januwale 2011. Limeneli ndiye n'lathulathu, lophikidwa ku Lilongwe.

Za ku Joni zimatsala ku Joni

Anthu amakonda kunena kuti mchitidwewu udabwera dzulodzuloli ndi mabungwe. Agogo anga aamuna adali mmodzi mwa amuna ambirimbiri a zigawo za kuno amene adapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ulendo umene Kamuzu adauimitsa mu 1974 ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Tsiku lina, nkhani ya Aunt Tiwo ili m'kamwam'kamwa, ndidawafunsa ngati zoterezi adaziwonapo. Adakhala chete nthawi yaitali akukokera fodya wawo, kenaka adangoti za ku Joni zimatsala ku Joni.

Akatswiri a mbiri monga Patrick Harries, Dunbar Moodie ndi Marc Epprecht adalemba zimene agogo sadafune kunena. M'makomboni a migodi, momwe amuna zikwizikwi ankakhala miyezi yambiri popanda akazi awo, mudali chizolowezi chakuti mwamuna wamkulu ankatenga mnyamata wobwera kumene ngati mkazi wake. Mnyamatayo ankaphika ndi kuchapa, ndipo wamkuluyo ankamupatsa ndalama, zovala ndi chitetezo. Nthawi zina pankakhala ndi phwando lomwe. Zidafika poti mu 1907 boma la Transvaal lidachititsa kafukufuku wa nkhaniyi. Ambiri mwa anyamatawo ankasunga ndalamazo n'kudzakwatira mkazi pobwerera kumudzi. Ngakhale mawu akuti "mathanyula" ali ndi mbale wake, "matanyola", amene amamveka ku Botswana ndi ku South Africa.

Maukwati a kumigodi aja sadali ofanana ndi zimene anthu akukamba masiku ano, poti munkakhala wamphamvu ndi wofooka, ndipo umphawi ndiwo unkalamula. Koma akutiphunzitsa chinthu chimodzi: nkhaniyi si yachilendo pakati pathu. Chachilendo mu 2009 chidali kuichita masana, ndi zokuzira mawu ndi perekaniperekani. Zobisika tinkatha kuzipirira, koma chinkhoswe chidatilasa pamtima chifukwa chidapempha chinthu chimene mudzi wokha ndiwo umapereka.

Boma la mitima iwiri

Kuchokera mu 2012 boma lakhala ngati munthu wothawira mapanga awiri mvula ikugwa. Joyce Banda atangotenga mpando, adauza Nyumba ya Malamulo mu Meyi 2012 kuti akufuna malamulowa achotsedwe, koma pambuyo pake adavomereza kuti aMalawi sadakonzeke. Mu Novembala chaka chomwecho nduna ya zamalamulo Ralph Kasambara adati apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa milanduyi. Mu Disembala 2015 apolisi atamanga amuna awiri ku Lilongwe, nduna ina ya zamalamulo, Samuel Tembenu, idalamula kuti mlanduwo uthetsedwe nibwereza mawu omwe aja. Koma chakumayambiriro kwa 2016 abusa ena adakadandaula kukhoti lalikulu ku Mzuzu, ndipo khotilo lidati nduna ilibe mphamvu yoimitsa lamulo limene aphungu sadalichotse.

Pa funso la ukwati ndiye boma silidazengereze. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la maukwati, kusudzulana ndi mabanja, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adalisainira. Ambiri timalikumbukira chifukwa lidakweza zaka zokwatira kufika pa 18 pofuna kuteteza atsikana. Koma lamulo lomweli lidanenanso momveka kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndiponso kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi mmene adabadwira. Limakhudza maukwati onse: a kwa DC, a kutchalitchi kapena kumzikiti, a mwambo, ndi a ongolowana. Kunena mwachidule, khomo la ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha lidatsekedwa ndi loko mu 2015.

Nanga tsono zionetsero zimene zidatsatira zinkatsutsa chiyani? Pa 6 Disembala 2016 maepiskopi a Katolika ndi bungwe la Evangelical Association of Malawi adatsogolera anthu m'misewu kukana kuchotsa mimba ndi maukwati otere. Pa 13 Julaye 2023 anthu zikwizikwi, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, adayendanso mumzinda wa Blantyre motsogozedwa ndi Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa, ndipo zionetsero zina zidachitika m'maboma ena. Zikwangwani zawo zinkakana ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha.

Koma mlandu umene udali kukhoti nthawi imeneyo sudali wa ukwati. Adaubweretsa ndi anthu awiri osiyana kwambiri. Wina adali Jan Willem Akster wa ku Netherlands, amene ankayankha milandu yoti adachitira achinyamata nkhanza zogonana. Wina adali Jana Gonani, mMalawi wobadwa ngati mwamuna koma wodziona kuti ndi mkazi, amene khoti la ku Mangochi lidamulamula kukhala kundende zaka zisanu ndi zitatu mu Disembala 2021. Iwo ankapempha khoti kuti linene ngati magawo aja a Penal Code akugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuphatikiza milandu iwiriyi kudavundula madzi, chifukwa kugwiririra ndi kuzunza ana ndi mlandu kulikonse, kaya wochitayo ndi yani, ndipo palibe wanzeru zake amene angapemphe kuti lamulo lotere lichoke. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu, Joseph Chigona, Vikochi Chima ndi Chimbizgani Kacheche, adakana pempholo nati wofuna kusintha malamulowa apite ku Nyumba ya Malamulo.

Tsidya la malire

Amene amati kuchotsa ndende n'chimodzimodzi kuvomereza ukwati ayang'ane kwa anansi athu. Mu Africa muno dziko limene lidakhazikitsa lamulo lomangitsa maukwati otere ndi South Africa, mu Novembala 2006, patatha zaka zisanu dziko la Netherlands litayamba mu 2001. Koma alipo maiko angapo amene adachotsa ndende osatsegula khomo la ukwati. Ku Botswana khoti lalikulu lidathetsa lamulo lofanana ndi lathu mu 2019, ndipo khoti la apilo lidagwirizana nazo mu 2021. Ku Namibia khoti lidachita chimodzimodzi pa 21 Juni 2024, sabata imodzi yokha chigamulo chathu chisanaperekedwe. Ena adalowera kwina, monga Uganda imene idakhwimitsa zilango mu 2023.

Chitsanzo chimene chimandikhudza ine ndi Mozambique, kumene makolo a Alomwe ambiri a ku Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi Thyolo adachokera zaka zoposa 100 zapitazo. Kumeneko malamulo atsopano a milandu amene adayamba kugwira ntchito mu Juni 2015 adachotsa magawo akale a Apwitikizi, koma ukwati udakali wa mwamuna ndi mkazi. Mukaoloka pa Muloza kulowa ku Milange mupeza anthu a mtundu wathu womwe, olankhula ngati ife, omanga mabanja kudzera mwa amalume ngati ife. Mabanja awo sadathe, matchalitchi ndi mizikiti sizidatsekedwe. Kafukufuku wa Afrobarometer wofalitsidwa mu 2016 adapeza kuti anthu 56 mwa 100 alionse ku Mozambique sakadavutika kukhala moyandikana ndi munthu wotere, pamene kuno adali 6 okha. Magazi ndi amodzi, koma atsamunda adali osiyana, mamishoni osiyana, ndale zosiyana. Kodi pamenepa tinganenebe kuti zonse n'chikhalidwe cha makolo?

Ndikudziwa kuti nambala 6 ija ikutanthauza kuti ambiri mwa inu owerenga simugwirizana ndi mchitidwewu, ndipo uwo ndi ufulu wanu. Mpingo uli ndi ufulu wokana kudalitsa, monga momwe maepiskopi a Katolika kuno adakanira mu Disembala 2023 chikalata cha ku Vatican chitalola madalitso ena. Malume ali ndi ufulu wokana kukhala nkhoswe. Palibe khoti limene lingakakamize mudzi kudya nkhuku ya chinkhoswe chimene sukuchifuna. Koma chigololo nachonso mipingo imachitcha tchimo, mitala ena amaikana, kuledzera amakudzudzula paguwa Lamulungu lililonse, ndipo pa zonsezi sitiitana apolisi. Timasiyanitsa tchimo ndi mlandu. Pa nkhani iyi yokha m'pamene timaiwala kusiyanitsa.

Ndipo kuiwalako kuli ndi mtengo wake. Mabungwe monga CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance, limene lidachititsa ulendo woyamba wa anthu otere m'misewu ya Lilongwe mu Juni 2021, akhala akudandaula kuti anthu awo akamenyedwa amaopa kupita kupolisi, akadwala amaopa kunena zoona kuchipatala. Ife a ku Chiradzulu, boma limene Edzi idalikantha koopsa, tikudziwa bwino zimene zimachitika munthu akamabisa matenda chifukwa cha mantha ndi manyazi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Oweruza adati nkhaniyi ili m'manja mwa aphungu, kutanthauza kuti ili m'manja mwa ife amene timawasankha. Ikadzafika m'Nyumba ya Malamulo, kaya liti, ndikupempha kuti tidzayambe tafunsa kuti funso lili patebulo ndi liti. La ukwati lidayankhidwa mu 2015. Latsala ndi lija adafunsa mayi wa tomato pa Mbulumbuzi, ife tili kalikiliki kuomba m'manja: anthuwa aba chiyani kuti akagone ku Chichiri zaka 14? Ine tsiku lija ndidakwera minibasi osayankha, ndipo mayiyo sindidamuonenso.